Bikoni nayo imayenda

Ntchito yopima malo, imene ndinaigwira zaka zambiri ndisanapume, yakhazikika pa mfundo imodzi yosalembedwa paliponse: yoti nthaka siyenda. Munthu amasamuka, mtsinje umasiya khwawa lake n'kukumba lina, mfumu imatha kusintha mawu, koma bikoni ya simenti imene waikwirira pangodya ya puloti iyenera kupezeka pomwepo ngakhale patapita zaka 50. Milandu yonse ya malire imathera pamenepa. Awiri akakangana amaitana ife a saveya, ife n'kukumba, n'kuipeza bikoni ija, basi nkhani yatha. Ikapezeka kuti yasuntha ndiye kuti wina anaizula usiku, ndipo kawirikawiri mudzi wonse umadziwa kuti ndi ndani.

Pa milandu ya mapuloti mfundoyi ikadali yabwino, choncho inu amene muli ndi mapepala a lizi musadere nkhawa. Koma alipo anzathu ena opima amene sanyamula tepi, sayenda ndi anyamata a tcheni, ndipo sanalumidwepo ndi nyerere zam'tchire. Chida chawo chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 700 kumwambaku. Iwowa akuti bikoni nayo imayenda, pamodzi ndi puloti, nyumba, chimbudzi ndi mtengo wa mango wa kuseri kuja. Amathanso kukuuzani kuti yayenda masentimita angati, ndiponso mwezi uti.

Chidacho ndi setilaiti yonyamula rada. Si kamera ayi. Kamera imadikira dzuwa, ndipo mtambo ukatchinga yagwa nayo. Rada ili ngati mleme: imalira yokha n'kumvetsera kulira kwake kukamabwerera. Imatumiza mafunde a wailesi pansi pano, mafundewo n'kugunda miyala, madenga ndi zitsa, n'kubwerera kumene achokera. Usiku kapena usana, mitambo kaya chiperoni, iyo ntchito ili m'kati.

Tsono kuti kuchokera kutali konseko munthu adziwe kuti pansi patsika ndi msinkhu wa chala, amachita bwanji? Ine ndimazimva bwino ndikaganiza za tayala la njinga. Tiyerekeze kuti mwaimika tayala pakhomo panu, valavu ili pansi, ndipo mukuligubuduza kukafika pa mjigo n'kubwerera. Simunawerenge kuti lazungulira kangati, koma mwaona pamene valavu yaima mutafika: yaloza kumwamba. Patapita masiku 12 mubwereze, njira yomweyo, osapatuka. Valavu ikakaima italoza kumbali mudziwa kuti mtunda wasintha pang'ono, kaya ndi mjigo wasendera kaya ndi khomo lanu. Funde la rada ndi tayala lotere, koma laling'ono zedi. Pa masetilaiti ambiri a ku Ulaya kuzungulira kwake kumodzi ndi masentimita 5.6, ndipo poti limapita n'kubwerera, nthaka ikatalikira ndi masentimita 2.8 okha valavu imakhala itazungulira kamodzi kathunthu. Kompyuta imatenga zithunzi ziwiri za malo amodzi, cha kale ndi cha tsopano, n'kufananiza pamene valavu inaima pa kadontho kalikonse. Imachotsapo zimene zabwera chifukwa cha mapiri ndi zigwa, imachotsaponso kusiyana kwa njira imene setilaiti yadutsa, ndipo chotsalacho ndiko kuyenda kwa nthaka. Malo alionse amene valavu ingaime amawapatsa mtundu wake, wofiira, wachikasu, wobiriwira, kotero kuti mapu amatuluka ali ndi mizere ngati utawaleza. Mzere umodzi wathunthu, masentimita 2.8. Umangowerenga mizereyo monga muja timawerengera magawo a anyezi. Akatswiri njirayi amaitchula kuti InSAR, ndipo akasonkhanitsa zithunzi zambiri za zaka zingapo amafika poyeza mamilimita pachaka.

Dziko linadzidzimuka ndi njirayi mu 1993. Chaka cha 1991 mayiko a ku Ulaya anaponya setilaiti yotchedwa ERS-1. Pa 28 Juni 1992 kunachitika chivomerezi chachikulu cha mphamvu ya 7.3 ku Landers, m'chipululu cha California. Didier Massonnet wa ku France ndi anzake anatenga chithunzi cha chivomerezi chisanachitike ndi china cha pambuyo pake, n'kutulutsa utawaleza uja, ndipo magazini ya sayansi ya Nature inauika pachikuto. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona ndi maso m'mene dera lonse lapindikira, osati pa mabikoni khumi kapena makumi awiri okha, koma paliponse.

Ife kuno chivomerezi chathu chinali chitatipitirira kale. Pa 10 Malichi 1989, usiku, Salima inagwedezeka ndi mphamvu yopitirira 6. Anthu 9 anafa, ndipo zikwi makumi angapo anasowa pogona. Amene tinali ku Lilongwe tinathawira panja ndi zofunda, tikumva malata akulira ngati pagwa matalala. M'mawa mwake aliyense anali ndi yankho lake: ena ati ndi mizimu ya m'nyanja, ena ati dziko latha, ena ankangonong'ona zina zimene masiku amenewo sunkazinena mokweza. Gwero la chivomerezicho linali pansi kwambiri, makilomita pafupifupi 30, ndipo kumwamba kunalibe setilaiti yoti ifananize dzulo ndi lero. Chimene chinatsala ndi manambala a makina omvera kugwedezeka, ndi nyumba zakugwa.

Zoti tili pamalo ogwedezeka si zachilendo. Nyanja yathuyi, yakuya mamita pafupifupi 700, ili m'chigwa chimene chinabadwa chifukwa choti mbali ino ya Africa ikung'ambika. Kung'ambikako n'kwapang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, chikhadabo chanu chimakula msanga kuposa apo. Koma miyala siitambasuka ngati phula. Imapirira zaka mazana, kenaka n'kuthyoka kamodzi n'kamodzi pa mng'alu. Mukamatsika ku Golomoti kuchokera ku Dedza, chiphedi chimene mumachiona chitatambalala m'munsimo ndi cha mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. Kumpoto, tsidya la nyanja ku Tanzania, mapiri a Livingstone aima chilili pamwamba pa mng'alu wina waukulu. Awa ndi aja odziwika, olembedwa pa mapu, oti ngakhale mwana wa sukulu angawaloze.

N'chifukwa chake nkhani ya ku Karonga imandikhudza. M'mwezi wa Disembala 2009 boma limeneli silinagone. Pa 6 kunagwedezeka, pa 8 kunagwedezekanso, pa 12 chimodzimodzi, ndipo usiku wa pa 19 kuchera pa 20 kunabwera chachikulu, cha mphamvu ya 6.0. Anthu anayi anataya moyo, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo anthu anadya Khirisimasi m'matenti mvula ili pamsana. Munthu wodziwa mapu akanafunsidwa tsiku loyamba lija akanaloza tsidya la nyanja, ku mng'alu wa Livingstone. Nanga si ndiye mkulu wa dera limenelo?

Chithunzi cha rada cha ku Karonga ndinachiona patapita zaka, pa laputopu ya mwana wa achemwali anga amene anaphunzira za miyala ku yunivesite. Iye amadziwa kuti ine ndi makompyuta sitimwerana madzi, ndiye anangotembenuza chinthucho n'kunena kuti, "Malume, inu paja mumati mumadziwa kuwerenga mapu. Tawerengani awa."

Gombe la nyanja ndinalizindikira msanga. Nyanjayo inali mbuu ngati wailesi yakanema yosowa siteshoni, poti madzi sakhazikika ndipo rada siipezapo chogwira. Koma kumtunda, kumpoto ndi kumadzulo kwa tauni, kunali mizere ya utawaleza yothinana, yozungulira ngati diso la nkhunda, n'kudukira pa mzera umodzi woongoka.

"Apa padukapa ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi pomwe panang'ambika, malume. Mbali iyi inatsala, mbali iyi inatsika."

Ndinayamba kuwerenga mizere ija ndi chala, iye akuseka. Yankho linali masentimita makumi angapo. Zithunzizo zinachokera ku masetilaiti awiri, Envisat ya ku Ulaya ndi ALOS ya ku Japan, ndipo mu 2010 Juliet Biggs wa ku Britain ndi anzake anafalitsa zimene anapeza. Mng'alu wa Livingstone sunali wolakwa. Chimene chinathyoka ndi mng'alu wina, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwake, pansi penipeni pa midzi ndi minda ya mpunga ya Karonga, wopendekera kumadzulo, ndiponso wosazama, makilomita osapitirira 6. Kusazamako ndiko kunachititsa kuti zivomerezi zooneka zapakatikati pa sikelo ziwononge chotero. Mng'aluwo sunali pa mapu a ming'alu yoopsa chifukwa unakwiririka ndi mchenga ndi matope a nyanja ndi mitsinje, pamwamba pake pali see. Lero umatchedwa mng'alu wa St Mary, potengera malo amene nthaka inaoneka itang'ambika, ndipo kafukufuku wina wa mu 2018, woyeza maginito a miyala kuchokera pa ndege, anasonyeza kuti mizu yake inalowa m'thanthwe lakale la pansi.

Monga munthu wa ntchitoyi, chimene chinandigwira mtima si mitundu yokongolayo ayi. Ndinkawerengera m'mutu kuti ife tikanati tiyeze kutsika kumeneku ndi levulo ndi ndodo yake ya manambala, zikanatitengera miyezi ingati, magalimoto angati, ma alawansi angati. Ndipo ngakhale boma likanapereka zonsezo, tikanafananiza ndi chiyani? Kuti udziwe kuti pansi patsika uyenera kukhala utayezapo pasanatsike, ndipo palibe amene amatuma saveya kukayeza dambo la mpunga poyembekeza chivomerezi chimene sakuchidziwa. Setilaiti ija inali itadutsa kale pa Karonga kangapo, kujambula popanda woituma, zithunzi n'kumangosungidwa. Mphamvu yake yagona pamenepo, pa chithunzi cha dzulo chimene panalibe anachiona chofunika. Komanso m'dera lathyathyathya ngati limenelija, kumene North Rukuru amasefukira kale ndi kale, kudziwa mbali imene yatsika ndi masentimita makumi angapo si nkhani ya m'kalasi chabe. Madzi salakwitsa, amapita kotsika.

Pano ndiyenera kuchenjeza awerengi, poti ndamva kale ena pa minibasi akunena kuti azungu ali ndi makina oona chivomerezi chisanabwere koma amatibisira. Bodza limenelo. Rada inaonetsa mng'alu wa Karonga utathyoka kale. Palibe setilaiti, palibe katswiri, palibe mneneri amene angakuuzeni tsiku la chivomerezi. Chimene njirayi ingathe ndi kusonyeza kumene miyala ikukanikizika ndi kumene ming'alu yobisika ili, kuti womanga sukulu kapena chipatala adziwe chimene chili pansi pa maziko ake.

Ilinso ndi zofooka zina zimene zimatikhudza ife makamaka. Kuti valavu ija ifananizike, pansi payenera kuoneka chimodzimodzi pa maulendo awiriwo. Tsono taganizani munda wa chimanga mu Januwale: lero chili m'mawondo, pakatha masiku 12 chili m'chiuno. Rada ya funde lalifupi imasokonezeka, chithunzi chimangoti waa ngati mchenga. Chinyezi cha mumlengalenga nacho chimachedwetsa funde, moti tsiku la mabingu munthu wosazolowera angathe kulengeza kuti phiri latsika pamene ndi mtambo chabe unadutsa. Ndipo poti masetilaitiwa amayenda cha kumpoto ndi kumwera akuyang'ana cham'mbali, nthaka ikamatsetserekera kumpoto kapena kumwera saiona bwino. Vuto la masamba lili ndi mankhwala ake: funde lalitali, la masentimita pafupifupi 24, limapyola masamba n'kukagunda nthambi ndi nthaka. ALOS ija inali ndi lotere, ndipo setilaiti ya NISAR, imene America ndi India anaiponya pa 30 Julaye 2025, nayonso ili nalo.

Nanga napolo? Funso limeneli ndi limene aliyense wa ku Blantyre, Zomba, Mulanje ndi Phalombe angafunse, ndipo ali ndi chifukwa. Akuluakulu a ku Zomba amasimba za Disembala 1946. A ku Phalombe saiwala Malichi 1991, pamene Michesi anatsitsa miyala ndi matope n'kukwirira anthu mazanamazana. Ndipo tonsefe tinaona za mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mbali ya phiri la Soche pa Chilobwe, dziko lonse n'kutaya anthu oposa 1,000, ena mpaka lero sanapezeke. Kunena zoona, napolo wa mtundu umenewu setilaiti singamuletse kapena kumulengeza. Amabadwa usiku umodzi, mvula ikakhutitsa dothi lopyapyala lokhala pa thanthwe, ndipo amatsika m'mphindi zochepa. Chida chobwera kamodzi pa masiku 12 chingangothandiza pambuyo pake, kusonyeza kumene kwagumuka ndi kumene madzi afika pamene mitambo ikadali yotchinga ndipo misewu yaduka. Chenjezo la napolo wotere lili kwa a zanyengo, ndi kwa agogo aja amene amakumbukira kuti khwawa ili linadutsapo miyala kale.

Koma si phiri lililonse limagwa modzidzimutsa. Ena amayamba akwawa kwa miyezi kapena zaka. Ku China, m'chigawo cha Sichuan, phiri linagwera mudzi wa Xinmo m'mamawa wa pa 24 Juni 2017, ndipo anthu oposa 80 anafa kapena kusowa. Akatswiri atabwerera ku zithunzi za setilaiti ya Sentinel-1 anapeza kuti pamwamba pa phirilo, pamalo oti munthu wa m'mudzi sakanaonapo, thanthwe linali likusuntha kwa nthawi yaitali, ndipo m'masabata omaliza liwiro lake linakwera. Chenjezo linalipo, litalembedwa bwinobwino, koma linawerengedwa maliro atachitika. Nkhani imeneyi imandisowetsa tulo kuposa ya Karonga. Ku Karonga kunalibe choti munthu akanachita. Ku Xinmo kunangosowa woyang'ana.

Maiko ena aphunzirapo. Mzinda wa Mexico City, umene mbali zina umatsika ndi masentimita makumi angapo pachaka chifukwa chopopa madzi a pansi, amauyeza ndi njira yomweyi. Ku Ulaya, kuyambira mu 2022, kuli mapu a pa intaneti a European Ground Motion Service, pamene munthu wamba amatha kuloza dera la kwawo, mlatho kapena damu, n'kuona ngati zikutsika kapena kukwera chaka ndi chaka. Safunsa chilolezo kwa bwana aliyense.

Chimene ambiri sadziwa n'choti masetilaiti amene amadyetsa mapu a ku Ulayawo ndi omwewonso amadutsa pamwamba pa Ndirande. Sentinel-1 yoyamba inaponyedwa mu 2014, zinzake zinatsatira mu 2016, 2024 ndi 2025, ndipo zithunzi zake n'zaulere kwa aliyense padziko lapansi. Kwa zaka pafupifupi khumi tsopano dziko lathu lakhala likujambulidwa mobwerezabwereza. Msewu wokhotakhota wa pa Chiweta ulimo. Madamu athu alimo, kuphatikizapo la Mulunguzi limene lili pamwamba pa mzinda wa Zomba. Chiphedi cha Bilila-Mtakataka chilimo. Sindikunena kuti malo amenewa akusuntha, ndikunena kuti funso loti akusuntha kapena ayi lili ndi yankho, ndipo yankholo silifuna kuti tigule ndege kapena kuitanitsa alendo odzagona ku hotela.

Pali chinanso chimene chinandiseketsa, ngakhale kuseka kwake n'kowawa. Rada imakonda zinthu zolimba, za ngodya, zosasintha ndi nyengo: matanthwe, milatho, zipupa, madenga. M'nkhalango imavutika, koma pamene pali nyumba zothinana imapeza timadontho tambirimbiri toti iziyeza chaka chonse, dzinja ndi chilimwe. Ndiye kuti malo amene setilaiti ingawaone bwino kwambiri m'mapiri athu ndi omwe aja ife a saveya sitinaikemo bikoni ngakhale imodzi: m'mbali mwa Soche, Ndirande ndi Bangwe, kumene anthu anagula malo kwa mfumu ndi pakamwa, n'kusema phiri, n'kukhoma malata. M'kaundula wa mapuloti nyumba zambiri zimenezi mulibe. Kumwamba zilimo zonse, denga lililonse ngati bikoni yoyezedwa kawiri kapena katatu pamwezi. Anthuwo sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo. Anakwera chifukwa kumunsi lendi inawakana, ndipo kuwauza kuti tsikani popanda kuwalozera kopita n'kungotaya malovu. Koma pakati pa kugwetsa nyumba zonse ndi kungokhala chete pali ntchito ina yapakati, yoti munthu athe kunena kuti mbali iyi ya phiri ili phee, koma iyi yasuntha masentimita atatu chichokereni mvula ya chaka chatha, tiyambe ndi mabanja awa.

Ndinamufunsa mphwanga uja kuti ntchito yotereyi imafuna chiyani. Anawerenga pa zala: kompyuta yamphamvu pang'ono, magetsi osazimazima kwa masiku angapo, intaneti yabwino, ndi munthu mmodzi kapena awiri olipidwa kuti azichita zimenezi mwezi ndi mwezi, osati pokhapokha kukagwa tsoka. Mapulogalamu ake ngaulere. Pakufunikanso wina wopita ndi miyendo kukaona ngati pamene kompyuta yalozapo palidi mng'alu pa chipupa kapena mtengo wopendekeka, ndipo apa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Imeneyo ndiye yanu, malume, musaganize kuti mwapuma." Anyamata ndi atsikana odziwa zimenezi tili nawo, ena anakaphunzira kunja n'kubwerako. Iye mwini pakali pano amayeza madzi a m'mijigo pa kampani ina, ndipo za rada amazichita Loweruka, mwa chidwi chake.

Loweruka lina tinati tiyese kutsitsa chithunzi chimodzi cha Blantyre kuti ndione phiri la Soche ndi maso a mleme. Chithunzi chimodzi chokha ndi magigabaiti anayi kapena kuposerapo, ndipo kuti utawaleza utuluke pamafunika ziwiri. Tinasonkherana ya bandulo, tinaika foni pawindo pamene netiweki imagwira bwino, ndipo achemwali anatiphikira tiyi. Pofika madzulo choyamba chija chinali chitangodutsa theka.